Levothyroxine, kapiritsi kansanje kamene ndamwa zaka zitatu tsopano

Chaka chino ndi chachitatu ndikumeza levothyroxine m'mawa uliwonse, ndiye ndikuona kuti pakamwa ndili napo poti nkunenapo za kamankhwala kameneka, zokoma zake ndi zotopetsa zake zomwe. Kwa amene simukukadziwa, ndi kapiritsi kakang'onong'ono kamene amapatsa anthu oti chithokomiro chawo chafooka, chija chili pakhosi apa chooneka ngati gulugufe, chikasiya kutulutsa mahomoni okwanira. Madokotala amati hypothyroidism. Pabokosi mupeza maina osiyanasiyana, Euthyrox, Eltroxin, Synthroid ndi ena, koma mankhwala ake ndi amodzi omwewo, homoni yotchedwa T4 yopangidwa ku fakitale yofanana ndendende ndi imene thupi limapanga lokha.

Ndisanayambe kumwa ndinali munthu wina abale. Ndinkagona maola 10 koma kudzuka ngati ndachezera kusenza katundu, anzanga ali thukuta kamukamu ine ndili mu juzi, khungu lili mbuu ngakhale ndidzole bwanji, tsitsi likutsalira pa chipeso, kudzimbidwa masiku atatu anayi, msambo wochuluka mochititsa mantha, ndipo chimene chinkandiwawa kwambiri ndi mutu, kuiwala dzina la munthu woti ndimagwira naye ntchito tsiku ndi tsiku, kuwerenga uthenga katatu osamva kanthu. Ena ankati ndi ulesi, ena ankandiyang'ana pamimba nkumamwetulira chifukwa ndinkanenepa osadya zambiri. Inenso ndinkangoti ndi maganizo basi zitha zokha. Tsiku lina adokotala anandigwira pakhosi nkuti tamezani malovu mayi, kenako anandilembera kukatengedwa magazi, ndi pamene ndinamva koyamba mawu oti TSH.

Nkhani ya TSH inandisokoneza poyamba, ndiye ndifotokoze mmene ndinadzaimvera ine. Anandiuza kuti yanga yakwera kwambiri, ine nkumati ngati yakwera ndiye kuti mahomoni achuluka tu, nanga mankhwala owonjezera ndi a chani. Ayi ndithu. TSH ndi homoni ina, sichokera ku chithokomiro, imachokera ku kachiwalo kena kali kunsi kwa ubongo kotchedwa pituitary, ntchito yake ndi kuitana chithokomiro kuti chigwire ntchito. Ukamaitana munthu wosamva umakuwa eti, ndiye TSH ikakwera ndiko kukuwako. Malabu ambiri amati yabwino imakhala pakati pa 0.4 ndi 4, yanga inali itapitirira 20. Chifukwa chake kwa ine ndi matenda a Hashimoto, pamene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira chithokomiro chako chomwe nkumachiononga pang'onopang'ono, dzinalo ndi la dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, amene anawafotokoza mu 1912. Ena zimawachitikira chifukwa chosowa ayodini, ena anachita kuchotsedwa chithokomirocho pa opaleshoni.

Tsopano za mankhwala eni ake. Sabata ziwiri zoyamba ndinakhumudwa, sindinama. Ndinkayembekeza ngati mankhwala a mutu, wamwa, pakapita mphindi 30 wachira, koma aa palibe chinasintha, kutopa komweko kuzizidwa komweko, mpaka ndinayamba kuganiza kuti andipatsa ufa. Kamankhwala aka kamayenda mwa nkhono, kamatenga pafupifupi masiku 7 kuti theka lake lituluke m'thupi, ndiye kuti kakhazikike m'magazi pamafunika masabata angapo, nchifukwa chake magazi amayezanso pakadutsa masabata 6 mpaka 8 osati mawa lake. Anandiyambitsa pa 50, kenako 75, kenako 100 pamene ndili pano, ndipo manambala amenewa ndi ma microgram osati ma milligram, tizigawo tating'ono zedi moti kusiyana kwa 12.5 kapena 25 chabe thupi limakumva. Munthu wamkulu woti chithokomiro chinasiyiratu nthawi zambiri amafika cha pa 1.6 microgram pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, koma achikulire ndi odwala mtima amawayambitsa pansi, mwina 25, nkumakweza pang'onopang'ono kuopa kudzidzimutsa mtima. Ine zinanditengera miyezi pafupifupi isanu kuti tipeze mlingo wanga, maulendo a ku labu osawerengeka, mkono kubooledwa mpaka kuzolowera.

Koma zitagwira zinagwira. Sipanakhale tsiku loti ndinadzuka nkuti ndachira, ndinangozindikira madzulo ena kuti lero sindinagone masana, sabata ina nkuona kuti juzi ija sindinaivale, kenako kuchimbudzi kunayamba kuyenda bwino (pepani koma ndi zoona), nkhope yotupa ija inaphwa, mutu unayera. Tsitsi lokha ndi limene linayamba lathothoka kwambiri miyezi yoyamba lisanabwerere, ndipo anati zimachitika. Pa nkhani yogwira ntchito ndilibe nawo mlandu mankhwala awa.

Mlandu wanga ndi nsanje yake. Kapiritsi aka sikafuna kupeza mnzake m'mimba. Umafunika kukamwa m'mimba muli pululu, ndi madzi okha, nkudikira mphindi 30 mpaka 60 usanadye chilichonse, ndipo chilichonsecho khofi alimo, mkaka ulimo. Ine khofi ndi moyo wanga, ndiye chaka choyamba ndinkachita chinyengo, kumeza piritsi nkutsitsira ndi khofi wamkaka ndikuthamangira ku ntchito, ndikuti aaa kanthu kakang'ono ngati aka kangadziwe bwanji. Kanadziwa. Magazi atabwera TSH inali itakweranso, adokotala anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi nkufunsa kuti mayi mumamwa bwanji mankhwalawa, tandiuzani zoona zokhazokha, ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa ndi shuga pakamwa. Ndiye pali mapiritsi a ayironi aja owonjezera magazi, a kashiamu, ndi mankhwala a kutentha pamtima, amenewa ndiye adani ake enieni, amakagwira m'matumbo momwemo kasanalowe m'magazi, pamafunika maola 4 pakati pawo. Tangoganizani ine wa msambo wochuluka uja anandipatsanso ayironi, ndiye tsiku langa linasanduka ndandanda, ichi m'mawa icho masana. Soya nayenso amasokoneza ukamamudya kwambiri. Chimene chinandithandiza ndi alamu, imalira ola lathunthu nthawi yodzuka isanakwane, botolo la madzi lili pambali pa bedi, ndimameza maso ali chitsinzire nkugonanso, podzuka zenizeni ola latha khofi wanga ndimamwa mwamtendere. Ena amasankha kumwa usiku pogona patadutsa maola atatu kapena anayi chidyereni, akuti zimayendanso, bola nthawi ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, ine sindingathe chifukwa usiku ndimakonda kutolatola.

Kupusa kwina kumene ndinachita, ndipo ndikunena kuti wina asabwereze. Nditaona kuti sikelo sikutsika mmene ndinkafunira ndinayamba kuwonjezera theka la piritsi pandekha osauza munthu. Patapita masabata atatu mtima unayamba kugunda ngati ng'oma ndili chikhalire, manja kunjenjemera, tulo osabwera, thukuta usiku, kupsa mtima ndi aliyense m'nyumba. Ndinaulula, anandikalipira moyenera, nkundiuza kuti mlingo ukapitirira kwa nthawi yaitali umafewetsa mafupa komanso umasokoneza kagundidwe ka mtima. Ndiye amene mukumva kuti awa ndi mankhwala ochepetsa thupi, ayi. Ine makilo ochepa okha ndi amene anachoka, ambiri mwa iwo anali madzi, otsalawo ali pompano tikulimbana nawo.

China chotopetsa ndi kusinthasintha kwa mtundu. Nthawi ina kumene ndimatenga mankhwala anandipatsa a kampani ina osandiuza nkomwe, bokosi lina, piritsi la kaonekedwe kena, nditafunsa anangoti ndi omwewo mayi musadandaule. Inde pa pepala ndi omwewo, nambala yake 100 yomweyo, koma mapangidwe amasiyanako ndipo kwa anthu ena kusiyana kochepako kumaoneka m'magazi. Ine ndinamva ngati ndabwerera m'mbuyo pang'ono, kaya anali maganizo chabe kaya, koma adokotala anati mtundu ukasintha nkwabwino kuyezanso pakadutsa masabata 6 aja. Pano ndinajambula bokosi langa pa foni, ndimangoonetsa. Musamasungenso ku bafa kapena padzuwa, kutentha ndi chinyezi zimawafoola. Ndipo amene mumamwa biotin, vitamini wa tsitsi ndi zikhadabo uja, muwauze a ku labu kapena adokotala musanayezetse, iyeyu sasokoneza mankhwala koma amanamiza zotsatira za magazi, nthawi zambiri amati umusiye masiku angapo usanapite.

Funso limene aliyense amandifunsa ndi loti udzasiya liti. Kwa ife a Hashimoto ndi amene anachotsedwa chithokomiro yankho nthawi zambiri ndi loti sitidzasiya, kapiritsika sikachiritsa chithokomiro, kamangogwira ntchito m'malo mwake. Zinandipweteka mtima masiku oyamba, ndinalira ndithu, koma pano zili ngati kutsuka mano. Achibale ena anayesa kundiuza kuti usiye uone ngati wachira, ndipo msampha wake ndi woti ukasiya sabata yoyamba umamva bwinobwino chifukwa mankhwala akadali m'magazi, mavuto amabwera mochedwa mwakachetechete. Ukaiwala tsiku limodzi si imfa, sindipanikizika nazo, koma osazolowera. Kwa azimayi anzanga, mukangodziwa kuti muli ndi pakati musasiye, thamangani kwa dokotala msanga chifukwa nthawi imeneyo thupi limafuna ochulukirapo ndipo mlingo amaukweza, ubongo wa mwana miyezi yoyambayo umadalira homoni ya mayi.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha nsanje ija ndi kuchedwa kwake, komanso masiku ena ndimatopabe ngakhale TSH ili bwinobwino pa pepala, ndipo ukanena zimenezo ena amangokuuza kuti manambala ali bwino mayi, ngati kuti ndikunama. Ulendo wathawu adokotala anavomera kuyezanso ayironi ndi vitamini B12 kuti tione ngati kutopako kukuchokera kwina. Magazi ndikatengetsa Lachinayi m'mawa, piritsi la tsikulo ndikameza ndikatuluka mu labu.