Miyezi yapita, chimbale cha RoboCop ya 1987 sichinabwerere m'katoni

Nditangogula chimbale cha Blu-ray cha RoboCop chomwe a Arrow Video anatulutsa mu 2019, ndinalemba mwachidule kuti zithunzi zake n'zoyera, mawu akumveka bwino, komanso kuti muli filimuyi momwe anthu anaionera mu 1987 pamodzi ndi ina yosadula yomwe wotsogolera filimuyi, Paul Verhoeven, ankafuna. Zimenezo sizinasinthe. Chomwe ndaona m'miyezi yapitayi n'chakuti zimbale zina zomwe ndinagulira limodzi zinalowa m'katoni kalekale, koma ichi chimangokhala pambali pa TV, ndipo chifukwa chake si mfuti ayi.

Kwa amene sanaionepo: mu Detroit ya m'tsogolo, akuluakulu a mzinda apereka polisi m'manja mwa kampani ya Omni Consumer Products, OCP mwachidule. Wapolisi Alex Murphy, yemwe ndi Peter Weller, akuphedwa mwankhanza ndi gulu la chigawenga Clarence Boddicker. Kampani ikutola zotsala za thupi lake n'kupanga makina ogwira mbava, omwe pa pepala ndi katundu wake.

Ambirife tinaidziwira m'mavidiyo sho, pa benchi, tikukuwa RoboCop akatulutsa mfuti m'ntchafu. Pamenepo malonda ndi nkhani za pa TV zomwe zimadula filimuyi zinkaoneka ngati zongotichedwetsa. Lero ndi zomwe ndimabwerezabwereza. Pali malonda a masewera apabanja otchedwa Nukem, pomwe makolo ndi ana akuphulitsana ndi mabomba a nyukiliya akuseka. Pali galimoto ya 6000 SUX yomwe ulemu wake ndi kukula ndi kumwa mafuta. Pali dokotala wotsatsa mitima yopanga, yolipira pang'onopang'ono. Ndiye pali owerenga nkhani awiri a pa Media Break, omwe amanena za anthu ophedwa ndi chida cha boma cha mumlengalenga ku California nkhope zili bwinobwino, n'kupita ku nkhani ina osapumira n'komwe. Edward Neumeier ndi Michael Miner analemba zimenezi poseka America ya nthawi ya Ronald Reagan. Vuto lake, kapena ubwino wake, n'lakuti masiku ano ukazimitsa chimbale n'kutsegula tchanelo cha nkhani sudziwa msanga kuti nthabwala zatha.

Pa zachiwawa ndipo ndakhalitsa kwambiri, chifukwa ndipo pali kusiyana kwa filimu yodula ndi yosadula. Bungwe loika mulingo wa mafilimu ku America, la MPAA, linaipatsa X poyamba, mulingo woletseratu ana kuionera, ndipo anachita kuidula kangapo kuti ipeze R, wolola ana kuionera ali ndi munthu wamkulu. Tengani chochitika cha m'chipinda cha mabwana. Dick Jones, mmodzi wa mabwana a OCP, akuonetsa roboti yake ED-209. Mnyamata wina wa suti, Kinney, akuuzidwa kuti ailoze mfuti mongoyeserera. Roboti ikumupatsa masekondi 20 kuti aponye mfutiyo pansi, iye akuponya, koma roboti ikupitiriza kuwerenga. Mu yodula, kuwomberako n'kwachidule ndipo kumangochititsa nthumanzi. Mu yosadula zipolopolo sizisiya, mtembo ukungodumphadumpha pamwamba pa chifanizo cha mzinda watsopano wa Delta City mpaka munthu umayamba kuseka usakufuna, kenaka wina n'kufuula kuti aitane achipatala. Jones akuti ndi kavuto kakang'ono chabe, ndipo chomwe chikumuwawa mkulu wa kampani ndi ndalama zomwe zitayike ntchito ikachedwa. Verhoeven wakhala akunena kuti kudulako kunachotsa nthabwala n'kusiya nkhanza yokhayokha. Nditaonera zonse ziwiri mobwerezabwereza, ndili kumbali yake.

Koma imfa ya Murphy siseketsa, ngakhale uionere kangati. Apa mpamene filimuyi imasiyana ndi zinzake zambiri za nthawi imeneyo. Verhoeven anabadwa mu 1938 ndipo anakulira ku The Hague nkhondo ili mkati, akuona mabomba ndi mitembo ali mwana. Amadziwa kuti magazi omwewo akhoza kuseketsa pano n'kukuliza apo. Murphy akafika pa nyumba yake yakale, n'kupeza ilibe kanthu, ikugulitsidwa ndi munthu wolankhula pa sikirini, nyimbo ya Basil Poledouris imachita zomwe nkhope yobisika ija singathe. Weller anangotsala ndi pakamwa ndi chibwano, popeza chovala chomwe Rob Bottin anapanga chinaphimba kwina konse. Kayendedwe kaja, mutu kuyamba kutembenuka thupi n'kutsatira, anakakonza ndi mphunzitsi wa zisudzo zopanda mawu Moni Yakim. Pa Blu-ray timinofu ta m'mbali mwa milomo timaoneka, ndipo ndi momwe muli munthu yense.

Zokalamba zilipo, ndipo chimbale choyera chimaziulula. Chidole cha Jones pogwa kuchokera pawindo chili ndi manja aatali modabwitsa. ED-209 ya Phil Tippett, yomwe ankaijambula poisuntha pang'onopang'ono ndi manja, imayenda mogwedera. Komabe pomwe ikulephera kutsika masitepe n'kumaphiriphitha chagada ikulira ngati nkhumba yogwidwa miyendo, kugwederako n'komwe kumakometsa. Chomwe chimandinyansabe ndi Anne Lewis wa Nancy Allen. Ndi wapolisi wolimba, ndiye woyamba kumuzindikira Murphy, koma olemba sanamupatse moyo wake kunja kwa ntchito.

Detroit ya mufilimuyi kwenikweni ndi Dallas, ndipo likulu la OCP ndi nyumba ya khonsolo ya mzindawo yomwe anaitalikitsa ndi chojambula. Detroit yeniyeni inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu 2013. Chaka chotsatira José Padilha anatulutsa RoboCop yatsopano ya mulingo wa PG-13, wofewerapo kuposa R. Si yoipa, ili ndi maganizo ake pa nkhani ya ma drone, koma ndinaibwereka n'kuibweza osaisowanso.

Mathero ndiwo amandivutitsa kwambiri panopa. RoboCop ali ndi lamulo lachinayi lobisika, lomuletsa kumanga bwana aliyense wa OCP. Amatha kumuwombera Jones pokhapokha mkulu wa kampani atamuchotsa ntchito pomwepo. Timaomba m'manja, Murphy n'kutchula dzina lake, nyimbo n'kulira. Koma lamulo lija silinafufutidwe, polisi ikadali ya kampani, ndipo Delta City imangidwabe pomwe pakukhala amphawi.

Ogula, onetsetsani kuti chimbale chanu chili ndi yosadula, ndipo muyambire imeneyo. Ana akhale atagona, chifukwa zomwe zimamuchitikira Emil, wa m'gulu la Boddicker, atagunda thanki ya zinyalala za poizoni sizichoka msanga m'mutu.