Chaka chathunthu ndikumvera mabuku a LibriVox ndili pa makina osokera

Utelala umagwira manja, maso ndi mapazi, koma makutu umawasiya ali lova. Kwa zaka zambiri anga ankangodya za pa wailesi: mpira, mauthenga a maliro, nyimbo zomwezomwezo. Chaka chatha mwana wanga wamkazi wa ku koleji ananditengera foni m'mawa, n'kupita nayo kumene amapezako wifi, madzulo n'kuibweza itadzaza mabuku. Osati owerenga ndi maso ayi, koma oti munthu wina azikuwerengera iwe uli phee. Anati, "Ababa, Chingerezi chanu cha Fomu 2 chija chikuchita dzimbiri, muzimvera izi." Ndinamuseka. Lero ndamaliza mabuku 14 ndili pakhonde pomwe ndimasokera, ndiye ndati ndinene mmene ndawaonera malo a pa intaneti amene mabukuwa amachokera, otchedwa LibriVox.

Ndi aulere, ndipo si ulere wa mwezi umodzi wokukola nawo uja. Safunsa khadi ya kubanki, ngakhale dzina lako alibe nalo ntchito. Anayambitsa ndi Hugh McGuire wa ku Montreal m'dziko la Canada mu 2005, ndipo owerenga onse ndi anthu ongodzipereka, aliyense ndi maikolofoni yake kunyumba kwake, osalandira kanthu. Amawerenga mabuku okhawo amene umwini wake unatha potsatira malamulo a ku America, komwe buku lakale limadikira zaka 95 chisindikizidwire kuti likhale la aliyense. Ambiri amawatenga ku Project Gutenberg, malo ena a pa intaneti osungira mabuku akale aulere. Choncho wofuna Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ya 1958, asataye bandulo yake n'kufufuza, mulibemo. Mabuku atsopano owerengedwa ndi akatswiri ali ku Audible ya Amazon, koma kumeneko n'kolipira mwezi ndi mwezi ndi ndalama zakunja, zomwe ngakhale ondigulitsa nsalu amalira nazo.

Pa bandulo sizipweteka kwambiri. Ola limodzi la mawu limadya pafupifupi 29 MB, ndiye buku la maola asanu ndi awiri ndi 200 MB basi. Mutu uliwonse umabwera paokha ngati MP3, ukaika pa memori khadi ngakhale kafoni ka mabatani kamaseweretsa. Magetsi akathima makina anga opalasa ndi mapazi saima, nkhaninso siima.

Tsopano za owerengawo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Mutu uliwonse umayamba ndi mawu omwewomwewo, onena kuti ichi chajambulidwa ndi a LibriVox ndipo ndi cha aliyense. Sabata yoyamba ankanditopetsa. Kenako ndinangozindikira kuti ndayamba kuwayankha chamumtima kuti "Tili tonse", ngati mmene tinkayankhira agogo anga aakazi akati "Padangotelo". Ndipo muyeso umene ndimayesera owerengawa ndi agogo omwewo. Iwo sankadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe, koma ankadziwa poima. Kalulu akatsala pang'ono kugwidwa pachitsime, m'pamene ankakumbukira kusonkhezera moto, pang'onopang'ono, ife mitima ili m'mwamba. Sankasintha mawu kwambiri ayi. Fisi ankangomutsitsira mawu pang'ono, Kalulu n'kumufulumizitsa lilime, basi tonse tinkadziwa amene akulankhula.

Munthu woyamba kundikumbutsa agogo ndi bambo wina amene anawerenga yekha Treasure Island, buku la Robert Louis Stevenson la 1883. Nkhani yake ndi ya mnyamata Jim Hawkins amene akupita panyanja kukafuna chuma chokwiriridwa, ndipo m'chombomo muli wophika wa mwendo umodzi, Long John Silver, woyenda ndi chinkhwe chake. Wowerenga wongoyamba kumene akanamupatsa Silver mawu aukali kuti tidziwiretu kuti ndi chigawenga. Bamboyu ayi. Anamupatsa mawu ofewa, a munthu woti mungamubwereke makasu n'kumusiyira ana. Ndiye itafika nthawi imene Jim wabisala mu mgolo wa maapozi n'kumva Silver akupangana ndi anzake zopha eni chombo, mawu aja anali omwewo, ofewa, akumwetulira, ndipo ine tsitsi linandiima. Phazi linasiya kupalasa. Mayi wina amene ankadikira kuti ndimuikire zipi pa siketi anandiyang'ana n'kufunsa ngati ulusi waduka. Ndinangoti, "Dikirani pang'ono mayi," ngati kuti ndine amene ndili mu mgolomo.

Pamenepo ndinaona kuti wowerenga wabwino ndi amene waiwerenga kale nkhani mpaka kumapeto koma n'kudzigwira osaulula. Amadziwa kuti Silver ndi ndani, koma akuyenda nafe ngati nayenso sakudziwa.

Si onse otero. Pali mabuku ena amene anthu amagawana, uyu mutu woyamba, uyo wachiwiri, winanso wachitatu. Zimenezi zili ngati suti yosokedwa ndi atelala asanu: nsalu ndi imodzi, koma mkono wina watalika, kolala yapendekera kwina. Buku lina lachikondi ndinalisiya pa mutu wa 9 chifukwa cha zomwezi. Mtsikana wa m'nkhaniyo anayamba ndi mawu a mayi wodekha, ndinamuzolowera, ndinayamba kumumvera chisoni. Mutu wotsatira anasanduka mnyamata wothamanga ngati minibasi yolimbirana anthu pa siteji. Wotsatiranso anali bambo amene chiganizo chilichonse ankachigwetsa kumapeto ngati akulengeza za maliro, ndipo dzina la mtsikana uja ankalitchula mwa mtundu wina, moti kwa mphindi zingapo ndinkayesa walowa munthu watsopano. Wina anajambulira kutali ndi maikolofoni, mawu ake ankamira m'phokoso la makina. Sindikuwanyoza, anapereka nthawi yawo kwaulere, ndipo kumeneko amakhala ndi anthu omvetsera kaye kuti aone ngati wowerenga sanadumphe mawu. Koma khutu ndi mlendo wosayamika. Likazolowera munthu mmodzi limakana wina.

Aliponso mabuku owerengedwa ngati sewero, munthu aliyense wa m'nkhani ali ndi womulankhulira wake. Ndinawathamangira poganiza kuti ndikapeza kukoma kwa Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino zimene tinakula nazo pa MBC. Koma aja ankakhala pamodzi, ankadulana mawu, ankaseketsana zenizeni. Awa aliyense amajambula kwawo, wina n'kudzalumikiza pambuyo, ndipo zimamveka. Mwamuna akukalipa ali m'chipinda chochita phokoso lobwerera, mkazi akuyankha modekha ali m'chipinda china, ngati akukangana pa foni.

Chondidabwitsa china n'chakuti amene ndimawamva bwino si nthawi zonse eni Chingerezi. Ena mwa eni akewo amameza theka la mawu. Mayi wina amene zikumveka kuti Chingerezi anachita kuphunzira ngati ine ankatchula liwu lililonse mpaka kumchira, ndipo buku lake ndinalimva lonse osabwezako m'mbuyo. Kwa othamanga aja, mwana wanga anandionetsa potsitsira liwiro pa VLC, pulogalamu yomvetserera mawu pa foni. Ukatsitsa pang'ono munthu amakhala ngati wakhala pansi.

Nkhani nazonso khutu limaziweruza mosiyana ndi maso. Maso amaba, amadumpha ndime imene wolemba akufotokoza makatani ndi mipando ya m'nyumba masamba awiri athunthu. Khutu silingadumphe, limayenera kumeza zonse, ndiye wolemba wokonda kuzungulira amayaluka msanga. Mabuku awiri otchuka akalekale anandigoneka tulo masana dzuwa likuswa mtengo. Amene anandikwana bwino ndi Sherlock Holmes, katswiri wofufuza milandu, nkhani 12 za m'buku la 1892. Iliyonse imatenga pafupifupi ola limodzi, nthawi yokwana kudula ndi kulumikiza buluku la yunifolomu, ndipo Watson, amene amayenda ndi Holmes, ndi mnzanga chifukwa naye amachedwa kuzindikira zinthu ngati ine. Chovuta chake n'chakuti kasitomala akakulankhulitsa pakati, kachinthu kakang'ono kamene Holmes adzagwirire wakuba kamakudutsa, ndipo pamapeto umangovomera ngati wafika mochedwa pabwalo la milandu.

Pali chimodzi choti ndichenjeze. Awa ndi mabuku a nthawi ya atsamunda, ndipo ena amanunkha nthawi yawo. Lina linali la azungu obwera ku Africa kudzasaka chuma. Nkhani yake inkathamanga bwino, koma anthu akuda m'menemo anali onyamula katundu ndi oopsezedwa ndi mfuti basi. Wowerenga ankatchula mawu achipongwe bwinobwino, mosadodoma, monga ayenera kuchitira poti sasintha zimene zinalembedwa. Kuwaona papepala n'kwina, koma munthu kukunong'oneza m'khutu mwako uli pakhonde la kwanu n'kwinanso. Ndinalimaliza mokwiya, ndipo tsiku limenelo ndinasoka thumba la malaya mozondoka.

Ndiye amene akufuna kuyesa, asadawunilode buku lonse mwachimbulimbuli. Mabuku otchuka amakhala owerengedwa kangapo ndi anthu osiyanasiyana. Sankhani pamene alemba kuti solo, kutanthauza wowerenga mmodzi, mumvere mphindi zisanu za mutu woyamba ndi zisanu za mutu wina wapakati. Ngati mukhoza kupirira naye ulendo wa basi kuchoka ku Blantyre mpaka ku Mzuzu, mutengeni.

Muli zilankhulo zambiri, Chijeremani, Chifalansa, Chisipanishi ndi zina, koma nditafufuza Chichewa ndinabwerako chimanjamanja. Mlandu suli kwa iwo, poti amene amawerenga ndi amene wadzipereka, komanso mabuku athu ambiri sanakalambe mokwanira. Nthondo ya Samuel Josia Ntara, mphunzitsi uja wa ku Nkhoma, inatuluka mu 1933, ndiye zaka 95 zikwana mu 2028. Pafupi ndi pamene ndimasokera pali mkulu wina wopuma pa uphunzitsi amene akamawerenga Mawu kutchalitchi ngakhale ana amasiya kusewera. Anabwera sabata yatha kudzachepetsa jekete, ndipo ndili kumuyesa ndi tepi ndinamuuza kuti, "Achimwene, mano amenewa muwasamale, kuli ntchito ikukudikirani." Anandifunsa ngati ili yolipira. Nditamuuza kuti ayi, anati ndiye jeketeyo ndimuchepetsere ulere.