Bolodi yojambulira ya A3 ndi T-square: ndaigwiritsa ntchito miyezi inayi

Ndine kalipentala wa ku Kapata. Bolodi iyi ndinaigula m'shopu ina ya mabuku m'tauni muno mu Chipata, yabwera pamodzi ndi T-square (rula yooneka ngati chilembo cha T), ma set square awiri (marula a makona atatu), wa madigiri 45 ndi wa 30 ndi 60, mapensulo atatu ndi labala. Chinandichititsa kuigula ndi manyazi. Mayi wina atabwera kudzatenga kabati yake anangogwira pakamwa nati, "Abambo, papepala paja sizinali chonchi." Ndinali nditamujambulira kumaso kwa kabati kokha, kuya kwake osaoneka.

Mwana wa mlongo wanga amene ali ku sekondale ndiye anandionetsa perspective, njira yojambulira yoonetsa kuya kwa chinthu. Ananditengera ku njanji ya ku Mchinji, ija anatsegula mu 2010, nati, "Amalume, taonani zitsulo ziwirizi." Kutali uko zimaoneka ngati zakumana, chonsecho mpata wake ndi umodzimodzi. Kadontho kokumanirapo ndiye vanishing point, ndipo nthawi zonse pamakhala pa mzere wa msinkhu wa maso ako. Akuti anayamba kuzilongosola bwino ndi Brunelleschi wa ku Florence zaka 600 zapitazo, mmisiri wa zomanga, ndiye ndinati basi ndi mnzathu ameneyo.

Pa chojambula cha kadontho kamodzi bolodiyi ilibe vuto. Ndimamata pepala ndi tepi, T-square ndikukoka mzere wa maso, set square ndikuimika mizere yowongoka, ngodya zonse ndikuzilozetsa pa kadontho kaja. Khitchini yonse imatuluka ngati walowamo. Pensulo ya 2H ndaikonda kwambiri: imalemba mopepuka, mizere yothandizira imafufutika osasiya chipsera, kenako ndimadutsamo ndi ya 2B yolemba zakuda kwambiri. Ndipo ndinadabwa nditaona kuti tebulo, poti ili pansi pa maso, pamwamba pake pamaoneka ndipo mizere yake imakwera, pamene wadilopu yotalika kuposa munthu mizere ya pamwamba imatsika. Zaka zonsezi ndikupala matabwa sindinaziganizepo.

Mavuto amayamba ukafuna madontho awiri, kuti kabati ioneke chapakona. Pepala la A3 kutalika kwake ndi masentimita 42 okha. Ukaika madontho onse awiri m'kati mwa pepala, kona imasongoka ngati mphuno ya bwato, kasitomala n'kumafunsa ngati kabatiyo idzakhaladi yopendama. Madonthowo amafuna kutalikirana, koma bolodi yathera pomwepo. Ine ndinakhoma timisomali tiwiri pa benchi, uku kamodzi uko kamodzi, n'kumangapo ulusi wosokera nsapato. Ndikakoka ulusi kufika pa kona, ndimaika kadontho, rula n'kumaliza. Zikuyenda, koma si zimene ndinalipirira.

T-square nayo inayamba kugwedera kumutu pa sabata yachitatu, mpaka ndinamangitsa tisikuluwu n'kuthira guluu wa matabwa. Set square ina ndinaiiwala pawindo dzuwa la Okutobala lili phwee, inapindika. Pamenepo wolakwa ndine. Labala yake ndi yonama, imangopaka zakuda. Gulani ina.

Bolodiyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi. Mwana wasukulu imukwanira bwinobwino, koma amisiri anzanga, ngati thumba likulola tengani yokulirapo ya A2. Mayi uja anabweranso mwezi watha kufuna shelefu ya mbale. Anayang'ana pepala kanthawi, naloza ndi chala kuti kabokosi kapansi ndikakulitse, n'kusiya dipoziti.