Intaneti ya panyumba ya 20 Mbps: m'mawa imathamanga, madzulo mudziyesere nokha

Kampani yomwe inandilumikizira intaneti ya faiba kunyumba kwanga kuno ku Lilongwe sindiitchula dzina, koma amene mumakhala m'madera momwe anyamata awo akhala akukumba ngalande ndi kumangirira mawaya m'mapolo mukuidziwa bwino. Mtengo wa phukusi lawo la 20 Mbps mukuudziwanso, ndipo si ndalama yomwe munthu amangoitulutsa osayamba waganiza kawiri mwezi ukatha. Kulumikiza kwenikweniko kunayenda bwino, rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, anabweretsa yatsopano, ndipo pa zimenezi ndilibe dandaulo.

Vuto linkabwera dzuwa likalowa. Mwana wanga wamkulu amaphunzira pa Zoom madzulo, ndipo nthawi yomweyo ndi imene ndimayankhulana ndi mchemwali wanga wa ku Johannesburg pa kanema wa WhatsApp, koma kuyambira cha m'ma 6 koloko mpaka cha m'ma 10 usiku chithunzi chinkangoima, mawu n'kumaduka, mphunzitsi n'kumamveka mwa apo ndi apo. Posafuna kukadandaula ndi mawu okha, ndinayamba kuyesa liwiro mwadongosolo. Ndinkalumikiza laputopu ku rauta ndi waya, kuchotsa mafoni onse ndi TV pa Wi-Fi, kenako n'kuyesa pa Speedtest ya Ookla ndi pa fast.com ya Netflix, n'kujambula zotsatira zake pamodzi ndi nthawi. M'mawa liwiro lotsitsira zinthu linkafika pa 18 kapena 19 Mbps, zomwe ndi zovomerezeka. Madzulo linkagwera pa 3, ndipo masiku ena silinkafika n'komwe pa 2. Kwa amene manambalawa sakukuuzani kanthu, 20 Mbps ndi pafupifupi 2.5 MB pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti fayilo ya 1 GB imayenera kutsika m'mphindi zosakwana 7, pomwe pa 3 Mbps fayilo yomweyo imatenga mphindi zoposa 40. A Netflix amanena okha kuti kanema wooneka bwino wa 1080p amafuna 5 Mbps, choncho banja lonse linkalipira 20 n'kumalandira liwiro losakwanira munthu mmodzi.

Chomwe chandilembetsa ndemangayi ndi zomwe zinachitika nditapita ndi zithunzizo ku ofesi yawo. Bambo amene ndinawapeza polandirira makasitomala sanafune n'komwe kuziyang'ana, anangoona foni yomwe ndinagwira m'manja n'kunena kuti, "Amayi, vuto ndi foni yanuyo, mafoni akalewa sagwira bwino Wi-Fi." Ndinawafotokozera mwaulemu kuti poyesa ndinagwiritsa ntchito laputopu yolumikizidwa ndi waya, Wi-Fi isakukhudzidwa m'pang'ono pomwe, koma iwo anali atatembenukira kale kwa munthu amene anali kumbuyo kwanga. Sindine mwana, ndipo ndalama zomwe ndimapereka si zopempha, choncho kuyankhidwa ngati munthu wosadziwa chomwe akunena kunandipweteka kuposa kuchedwa kwa intanetiyo.

Pambuyo pake anatumiza mmisiri wawo, ndipo anafika cha m'ma 10 koloko m'mawa, nthawi imene anthu ali ku ntchito, ana ali kusukulu, ndipo ine mwini ndinali nditawauza kale kuti intaneti siivuta. Anatsegula Speedtest pa laputopu yake, inaonetsa 20 Mbps yathunthu, iye n'kunditembenuzira kuti ndione, kenako n'kutulutsa pepala loti ndisaine kuti vuto palibe. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti seva yomwe ankayesera, kutanthauza kompyuta ya kutali imene Speedtest imalumikizana nayo poyesa liwiro, inali ya kampani yawo yomweyo ya mu Lilongwe muno. Kuyesa kotere kumangoonetsa kuti waya wochokera pakhomo panga kukafika ku makina awo uli bwino, pomwe zambiri zomwe timachita pa intaneti zimachokera kunja kwa dziko lino. Malawi sanachite malire ndi nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadutsa pamtunda kudzera ku Tanzania ndi ku Mozambique kuti ikafike pa mawaya a pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy, ndipo amene akukumbukira mmene intaneti inavutira mu Meyi 2024 mawaya awiriwa ataduka akudziwa kuti timadalira kwambiri njira imeneyi. Ndinamupempha kuti asinthe seva, asankhe ya ku Johannesburg kapena ya ku London. Ping, yomwe ndi nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako, inakwera, zomwe sizodabwitsa poti mtunda ndi wautali, koma liwironso linatsika moonekeratu ngakhale unali m'mawa. Ndinati, "Achimwene, bwerani madzulo tidzayesere limodzi, mukadzapeza 20 yomweyi ine ndidzasaina." Iye anayankha kuti iwo amayankha za waya wawo basi, ndipo ntchito amaweruka 5 koloko. Ndinakana kusaina, ndipo anachoka osatsanzika. Tsiku lotsatira ndinalandira uthenga pa foni wonena kuti dandaulo langa lathetsedwa.

Pamenepo ndinalemba kalata kwa akuluakulu awo, n'kuikamo zithunzi zonse, ndi kunena momveka kuti ngati sandithandiza nkhaniyi ndikaitula ku MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga ndi mafoni m'dziko muno, lomwenso limalandira madandaulo a ogula. Chilungamo chimandikakamiza kunena kuti kuchokera apo zinthu zinasintha, ndipo anazisintha ndi munthu mmodzi. Anabwera mnyamata wina, cha m'ma 7 koloko usiku, nakhala pansi kuyesa nane pa maseva osiyanasiyana, ndipo 3 itaoneka sanaibise kapena kuipezera chifukwa china. Anandiuza mosapita m'mbali kuti nambala yomwe imalembedwa pa phukusi ndi liwiro lapamwamba lomwe munthu angafikepo, chifukwa njira yake timagawana ndi nyumba zina za m'dera lathu, monga momwe madzi a m'mipope amafookera aliyense akatsegula mpopi wake nthawi imodzi. Anaonjezera kuti kutsika kuchoka pa 20 kufika pa 3 n'kopitirira muyezo, ndipo anapita nazo kwa anzake oyang'anira makina a dera lino. Asanachoke anachotsa rauta kuseri kwa kabati ya TV komwe anzake oyamba anaiika, n'kuipachika poonekera, ndiponso anasiyanitsa Wi-Fi ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz, nandifotokozera kuti ya 5 imathamanga kwambiri ukakhala pafupi, pomwe ya 2.4 imafika patali ndi kudutsa makoma koma imasokonezedwa ndi marauta a oyandikana nawo nyumba. Zonsezi anafotokoza ngati akuyankhula ndi mayi ake, ndipo ndikuthokoza amene anamulera.

Zomwe anachita ku makina awo sanandiuze mwatsatanetsatane, koma tsopano madzulo ndimapeza pakati pa 10 ndi 12 Mbps, m'mawa 19 ija ikadalipo, ndipo liwiro lotumizira zinthu, lomwe ndi lofunika kwambiri pa Zoom chifukwa nkhope yako ndi mawu ako ziyenera kukafika kwa anzako, lakhazikika. Mwana akuphunzira popanda kudukiza. Mvula ikagwa intanetiyi siivutika, ndipo magetsi akathima imapitirirabe bola rauta ikhale pa batire, zomwe ndi zabwino ndithu poyerekeza ndi mabandulo a pa foni omwe ndinkagula kale, amene ankatha mwezi usanafike pakati. Choncho sindinganene kuti musailumikize. Koma 12 si 20, ndipo mtengo ukadali wa 20.

Amene mukufuna kulumikiza, afunseni asanakumbe ngalande kuti liwiro lotsikitsitsa lomwe akulonjeza madzulo ndi lotani, ndipo yankho lake alilembe. Mmisiri akabwera kudzayesa, onani dzina la seva lomwe lili pansi pa nambala ya liwiro pa Speedtest, muumirire kuti ayese ndi waya, nthawi yomwe inu mumagwiritsa ntchito intaneti, ndi pa seva ya kunja, ndipo pepala lawo musasaine musanakhutire. Ine ndinapemphanso kuti andichotsereko ndalama pa mwezi umene ndinalipira zonse n'kulandira 3 Mbps, koma mpaka lero kalata imeneyo sanaiyankhe, ndipo bambo a polandirira makasitomala aja sanapepese. Kuyesa madzulo ndikupitiriza, zithunzi ndikusunga, ndipo liwiro likadzagweranso pomwe linali kale sindidzabwereranso ku ofesi yawo, ndidzalunjika ku MACRA.