Nsima ya madola 18 ku Scarborough ndi mkangano wa chisankho umene umabwera nayo

Amene mukukhala ku Toronto ndipo mwatopa ndi kuvundula nsima nokha mukaweruka shifti, pa msewu wa Eglinton chakum'mawa, ku Scarborough, pali kamalo kodyera kamene ndikufuna mukadziwe. Mwini wake ndi mayi wa ku Chipata, ndiye pa chilankhulo palibe vuto. Mukalowa n'kunena kuti odi, akuyankhani ali kukhitchini komweko. Malo ndi aang'ono, matebulo ochepa, TV ili pakhoma pamwamba pa firiji ya zakumwa, ndipo pakona anaikapo sinki yosambira m'manja ndi sopo wake, kuti munthu asamachite kupita kubafa asanagwire nsima.

Nsima amaphika ndi ufa woyera wochokera ku South Africa, osati ufa wachikasu wa m'masitolo a kuno umene sugwirana. Imabwera mitanda iwiri, yotentha, yolimba bwino, yopanda mibulu, ndipo ngakhale muchedwe ndi nkhani siyamba kutuluka madzi pansi. Nsomba ndi tilapia ya m'firiji, ndipo mayiwa amanena poyera, sanamiza munthu kuti ndi chambo cha ku Mangochi. Amaicheka m'mbali, kuipaka mchere ndi adyo, n'kuikazinga mpaka khungu liume, kenako msuzi wa tomato ndi anyezi amauika pambali kuti nsomba isanyowe musanayambe kudya. Koma chimene chimandibweretsa ine ndi masamba otendera. Nkhwani kuno ndi wosowa, choncho nthawi zambiri amatendera masamba a collard, odula timizere tating'ono kwambiri, ndipo nsinjiro amapera okha kuchokera ku mtedza wosakazinga. Sagwiritsa ntchito chiponde cha m'botolo chothira shuga chija, chimene chimaononga ndiwo m'nyumba zambiri za anthu athu kuno. Nyama ya mbuzi ndi yofewa mpaka pafupa. Patebulo pali botolo la Nali, ndipo mukapempha akupatsani tsabola wawo wosinja.

Mbale ya nsima, nsomba ndi masamba mu 2021 inali madola 15. Mu May 2022 inali pa 18. Mukaonjezera msonkho wa pa zogula wotchedwa HST, umene kuno ku Ontario ndi 13 peresenti, lisiti imatuluka $20.34, tipu isanalowepo. Alipo amene amang'ung'udza, koma ine sindiwaimba mlandu mayiwa. Anandionetsa chigubu cha mafuta ophikira chimene amagula ku holoselo, n'kunena kuti chiyambire nkhondo ya ku Ukraine mu February 2022 mtengo wake sunkakhala malo amodzi. A Statistics Canada, bungwe la boma la zowerengera, nawo analengeza pakati pa May 2022 kuti mu April mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 6.8 peresenti poyerekeza ndi April 2021, ndipo zakudya za m'sitolo zokha zinakwera ndi 9.7 peresenti. Mtanda wa nsima sunachepe, nsomba sinachepe. Kwa ine munthu wokweza mtengo poyera ndi wabwino kuposa wochepetsa ndiwo mobisa.

Lisiti yomweyi ndi imene inasandutsa malowa bwalo la mkangano pamene chisankho cha chigawo cha Ontario cha pa 2 June 2022 chinkayandikira. Lolemba mayiwa satsegula, koma pa 16 May anatsegula madzulo kuti anthu aonere limodzi mtsutso wa atsogoleri anayi a zipani: Doug Ford amene anali pampando wa nduna yaikulu ya chigawo, Andrea Horwath wa NDP, Steven Del Duca wa Liberal ndi Mike Schreiner wa Green. Chiyambire tsiku limenelo, aliyense wolowa ankapeza nkhani ili mkati.

Mayi mwini malo anali mbali ya Del Duca, ndipo chifukwa chawo chinali pa mbale. Pa 13 peresenti ya HST, 5 imapita ku boma la ku Ottawa ndipo 8 ndi ya chigawo. Panopa chakudya chophika kale sichilipira 8 ya chigawoyo pokhapokha ngati zonse mwagulazo sizikupitirira madola 4, ndipo madola 4 masiku ano ndi khofi ndi kabanzi basi. A Liberal ankati malire amenewa awakweza kufika pa madola 20. Pa mbale yanga ya 18 ndiye kuti ndikanatsala ndi $1.44. Mayiwa ankati kwa munthu wodya kuno kawirikawiri ndalamayi si yocheperatu, ndipo ingawathandize kuti makasitomala asathawe.

Pali bambo wina wa ku Dedza, woyendetsa galimoto yonyamula anthu, amene amakhala tebulo la pafupi ndi TV. Iyeyo samva zimenezo. "Amayi, dola imodzi ndi masenti mundiuze chiyani? Ford ndalama wandibwezera kale, cheke ndinalandira." Ankanena za ndalama ya sitika ya nambala ya galimoto, madola 120 pachaka kuno kummwera kwa Ontario, imene boma linathetsa mu March 2022 n'kubweza zimene anthu analipira kuyambira March 2020. Ankatchulanso masenti 5.7 pa lita amene ankayenera kuchotsedwa pa msonkho wa petulo kuyambira pa 1 July 2022 kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kwa munthu amene ofesi yake ndi galimoto, pamene petulo anali atadutsa madola 2 pa lita mu May 2022, ndinamumvetsa. Koma titawerengera limodzi pa foni, thanki ya malita 50 inkatsika ndi $2.85 yokha. Ndi yofanana ndithu ndi ya mbale ziwiri za nsima imene ankainyozayo.

Amene anamuyankha bwino ndi namwino wina amene amabwera ndi yunifolomu yake akachoka kuchipatala. Analibe galimoto, ankakwera basi ya TTC, bungwe la mabasi a mumzinda wa Toronto, pa $3.25, choncho za sitika ndi petulo sizinkamukhudza, ndipo lonjezo la Del Duca loti ulendo uliwonse ukhale dola imodzi ndi limene linkamufika pamtima. Koma chimene chinkamupweteka kwenikweni chinali Bill 124, lamulo la 2019 limene linatsekera malipiro a ogwira ntchito za boma, anamwino omwe, kuti asakwere kupitirira 1 peresenti pachaka kwa zaka zitatu. Anangofunsa kuti, "Achimwene, malipiro 1, mitengo 6.8, ndiye mwati ndani wandibwezera chiyani?" Bamboyo anangoti zii n'kupitiriza kudya.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo madola 3 pa ola amene anationjezera nthawi ya Covid boma la Ford linawakhazikitsa kuti asachoke. Ndikuyamika, ndinene zoona. Koma msonkho uliwonse umene akudula ukuchokera m'thumba lomwe limalipira zipatala ndi makoleji, ndipo ndikaona mmene timaperewera pa shifti ya usiku, cheke cha sitika sichindisangalatsa. Za mitengoyo, nduna yaikulu ya chigawo ilibe mphamvu yeniyeni yoiletsa kukwera. Amene ankalimbana nayo ndi a Bank of Canada, amene mu April 2022 anakweza chiwongoladzanja kufika pa 1 peresenti. Zimene andale a chigawo angachite ndi kusankha amene amupepusireko katundu, ndipo mkangano wonse wa pamatebulo pano unali umenewo.

Nkhani ya fizi ndi imene inandikhalitsa pansi. Mu 2019 boma la Ford linatsitsa fizi ya ophunzira a kuno ndi 10 peresenti n'kuiimitsa pomwepo, ndipo pofika mu 2022 inali isanakwere. Bambo wa ku Dedza amaitchula ngati umboni. Chimene satchula n'chakuti nthawi yomweyo anathetsa dongosolo la OSAP, thandizo la boma kwa ophunzira, la nthawi ya Kathleen Wynne, nduna yaikulu imene inalipo Ford asanalowe, limene linkachititsa kuti ana a mabanja opeza ndalama zosakwana madola 50,000 pachaka aphunzire osalipira fizi. Mwana wanga wamwamuna analowa koleji zitasintha kale, ndipo gawo lalikulu la thandizo lake ndi ngongole. A NDP ankati ngongole za chigawo azisandutsa thandizo losabweza, ndipo lonjezo limenelo ndinalimvetsera ndi makutu onse awiri.

Tonse tinkakangana za ana athu amene ali ndi mapepala a kuno, osaganizira mtsikana amene ankatibweretsera mbale. Ndi wa ku Zomba, waulemu, wachangu, amakumbukira amene sadya tsabola osachita kuuzidwa kawiri. Anabwera pa chilolezo cha maphunziro, ndiye kutsitsa ndi kuimitsa fizi kuja iye sikumukhudza. Fizi ya ophunzira ochokera kunja ilibe malire otero, ndipo sukulu zitaletsedwa kukweza ya a kuno, zinatembenukira kwa iwowa. Amene anali mkulu wofufuza za chuma cha boma la Ontario nthawi imeneyo, Bonnie Lysyk, ananena mu lipoti lake la December 2021 kuti m'makoleji a boma ophunzira ochokera kunja anali 30 peresenti, koma ankalipira 68 peresenti ya fizi yonse. Pa University of Toronto, mu 2022 mwana wa kuno wophunzira arts and science ankalipira pafupifupi madola 6,000 pachaka, pamene wochokera kunja, m'kalasi yomweyo, ankalipira opitirira 50,000. Makoleji ndi otsikirapo, komabe kusiyana kwake n'kwakukulu.

Mtsikanayu nthawi ya maphunziro ankaloledwa kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata. Pa malipiro otsikitsitsa a nthawiyo a madola 15 pa ola, anali madola 300 asanadule kalikonse, ndipo m'menemo muchoke lendi, basi ndi chakudya. Fizi imachokera kwa makolo kumudzi. Lachisanu pa 27 May 2022 a Reserve Bank of Malawi anagwetsa kwacha ndi 25 peresenti, ndipo Loweruka ndinamupeza maso ali ofiira. Ndinamufunsa pamene ankapukuta tebulo langa. Anati, "Anti, ndalama imene adadi anasonkhanitsa ya semesita ikubwerayi yaperewera usiku umodzi, ndipo ku banki madola ake sakupezeka n'komwe." Anapita kukatenga mbale za tebulo lina, ndipo anazibweretsa akumwetulira monga amachitira nthawi zonse.

Iyeyu savota. Ku Ontario amavota nzika za Canada zokha, ndipo ngakhale amene ali ndi mapepala okhala kuno mpaka kale sangaponye voti. Msonkho wa HST amalipira ngati tonsefe, fizi yake ndi imene inkathandiza kuti ya mwana wanga isakwere, koma pa 2 June mawu analibe. Theka la anthu okangana pamatebulo pano nawonso ndi otero. Ine amene ndinalumbira unzika ndinasankha kuti aliyense wachipani wogogoda pakhomo panga ndizimufunsa zinthu ziwiri, Bill 124 ndi malire a fizi ya ana ochokera kunja, ndi kuti voti yanga ipite kwa amene ayankhe zomveka. 

Zofooka za malowa zilipo. Mayi amaphika okha, ndiye Lachisanu ndi Loweruka madzulo mutha kudikira mpaka njala kukupwetekani, makamaka ngati mwaitanitsa nsomba. Ndi bwino kuimba foni musananyamuke. Tebulo la pafupi ndi chitseko limalowa mphepo nthawi iliyonse munthu akatsegula, ndipo nthawi yozizira musakhalepo ndi mwana. TV imakhala yokweza, anthu okangana amakwezanso kuposa TV, choncho ngati mukufuna malo oti mukambirane zachinsinsi ndi munthu, si kuno. Poimika galimoto ndi pochepa. Thobwa amapanga Loweruka lokha ndipo limatha msanga, koma ndi labwino, la mawere, losatsekemera mopitirira.

Tipu muzipereka pamanja kwa amene wakutumikirani. Tsiku la chisankho malo ovotera anatsegula 9 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku, ndipo mayi anati atsegula mpaka zotsatira zituluke. Itanitsani nsomba kapena mbuzi ndi masamba otendera. Nyemba zisiyeni kaye. Masiku otanganidwa amatsegula za m'chitini ndipo zimadziwika pakamwa. Ndawauza kale mayiwa, ndipo ati mtengo wa thumba ukatsikako abwerera ku zouma zonyika usiku.