Pulogalamu yowerenga kiyi: zomwe ndaona patatha miyezi 8 pa maukwati a kunyanja

Pulogalamu ya pakompyutayi, yothandiza ife ma DJ posakaniza nyimbo, ndinaigula mu Febuluwale, ndipo nthawi imeneyo ndinaitamanda kwabasi. Umangoponyamo nyimbo, yokha n'kukuuza liwiro lake mu ma BPM (kugunda kungati pa mphindi imodzi), kiyi yake (mawu omwe nyimboyo yakhazikikapo, monga C kapena G), ndi nambala ya Camelot yokuuza nyimbo zomwe zingatsatane popanda kulumana. Pano tili mu Okutobala, ndazungulira nayo maukwati ku Mangochi Boma, ku Makawa mpaka ku Monkey Bay. Pa amapiano ndi afrobeats ndilibe nayo mlandu, chifukwa ng'oma za pakompyuta sizisuntha. Yandionetsa zakuda ndi nyimbo ya chelo ndi piyano.

Akwati ena masiku ano akumafuna nyimbo yofatsa polowa, ndipo yomwe ndapemphedwa kangapo ndi Le Cygne ya Camille Saint-Saëns, yomwe anaipeka mu 1886. Dzinalo likunena mbalame yoyera ya m'madzi, yonga tsekwe koma ya khosi lalitali. Kwa amene simunaione chelo, ganizirani kaligo wamkulu wa nsambo zinayi, woimba atakhala pampando ataukumbatira ndi mawondo.

Pa kiyi, pulogalamu inalasa. Nyimboyi ili mu G major, yomwe pa Camelot ndi 9B, ndipo ndinayesa zojambula zitatu za oimba osiyana, zonse zinatuluka 9B. Oyandikana nayo ndi 8B, 10B ndi 9A, kutanthauza C major, D major ndi E minor. Ndili ndi nyimbo za kwaya zingapo za mu C ndi mu D, ndipo zimalowana nayo bwinobwino.

Liwiro ndiye ayi. Zojambula zitatu zija zinatuluka ndi manambala atatu, ina mpaka kuwirikiza kawiri inzake. Poyamba ndinkati mwina ndalakwitsa penapake, ndinaziwerengetsanso kangapo. Kenako ndinakhala pansi ndi mahedifoni usiku wina magetsi atazima, laputopu ikuyendera batire, n'kumawerenga ndi chala pa tebulo. Kachigawo kalikonse ka nyimboyi, komwe amati bala, kali ndi kugunda 6, piyano ikuyenda pansi ngati timafunde ta m'mawa pa Malombe, koma woimba chelo samangika. Akafika kumapeto kwa mzere amachedwetsa, kupuma, kenako n'kubweza nthawi ija patsogolo. Odziwa amati rubato. Aliyense wotsogolera nyimbo kutchalitchi amachita zomwezo popanda kuzipatsa dzina. Pulogalamu imafunafuna ng'oma, ndipo m'nyimboyi mulibe, ndiye imangogwira chilichonse chomwe chamveka mobwerezabwereza.

Ndinachita makani, ndinadina sync, batani lofananitsa liwiro la nyimbo ziwiri, kuti ndiilumikize ndi nyimbo ya ng'oma. Chelo inakokeka ngati mphira wa legeni. Ukatseka kiyi kuti isasunthe, mawu ake amamveka ngati akuimbira pansi pa madzi. Ukaisiya yotsekula, kukweza liwiro ndi 6 peresenti kumakweza nyimbo pafupifupi theka la toni, G ija n'kusanduka A flat. Pamenepo 9B yako yapita ku 4B, koma pa sikirini pakulembabe 9B, iwe n'kumadabwa kuti kwaya ikulumana bwanji ndi piyano.

Ndiye ndinasiya. Masiku ano nambala ya BPM sindiiyang'ana n'komwe pa nyimbo zamtunduwu. Ndimadikira kumapeto, pomwe chelo imagwira G yomaliza kwa nthawi yaitali piyano ikutsetsereka yokha. Pamenepo ndimalowetsa pang'onopang'ono nyimbo yotsatira, yoyamba ndi mawu kapena kiyibodi, ng'oma zisanalowe. Nyimbo yonse ndi ya mphindi zitatu kapena kupitirirako pang'ono, ndiye ndimauziratu a MC kuti akwati asathamange. Mu Julayi mwera unkandilanda malo ofatsawo tikakhala pamchenga, anthu akumbuyo osamva kanthu koma mphepo. Umenewo si mlandu wa pulogalamu.

Ndalama zanga sindikudandaula nazo. Kwa DJ wa nyimbo zovina ndi yabwino, ndipo ngakhale pa chelo kiyi imaipeza. Koma nambala inandipusitsa tsiku lina, ndipo wolakwa ndinali ine.

Unali ukwati wa mu Ogasiti, anthu akudya chambo, perekaniperekani asanayambe. Nyimbo yomwe inkatha inali 5A, ndiye ndinafufuza ina ya 5A n'kupeza ya chelo ndi piyano: Élégie ya Gabriel Fauré, ya mu 1880, C minor. Ndinali nditamvera masekondi ochepa chabe kunyumba. Inalowa mosalala, moti ndinadziyamikira mumtima. Mphindi isanathe azakhali a mkwatibwi ananyamuka, chitenje atachikunga m'chiuno, n'kudzaima pafupi ndi sipika.

“Bambo a DJ, pepani, kodi kwagwa zovuta?”

“Ayi mayi, ndi nyimbo yodyera chabe.”

“Imeneyi? Ichotseni msanga, akuchimuna angaganize kuti sitinakondwe.”

Ndinaichotsa pomwepo. Nditafika kunyumba ndinafufuza dzinalo, n'kupeza kuti élégie ndi nyimbo yolira womwalira. Fauré anaipeka bwino, azakhali aja anaimva molondola popanda kudziwa Chifalansa. Ikadali mu laputopu, nambala yake ikadali 5A, koma pambali pake ndinalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti MALIRO, OSAIKA PA UKWATI.