Vesiti yoteteza ku mpeni: zomwe ndaona nditaivala chaka pa kabaza kuno ku Mchinji

Mnzanga wina wa pa siteji yathu pa Kamwendo wakhala akundifunsa ngati naye agule vesiti yoteteza ku mpeni ngati yangayi. Nthawi zonse ndimamuyankha mothamanga poti kasitomala sadikira. Koma sabata yatha amene anandigulitsa ananditumizira mtengo wa panelo yakumsana, chigawo cha mkati mwa vesiti chimene chimagwira mpeni, ndipo mtima unandiwawa. Ndaona kuti ndilembe zonse bwinobwino kuti mnzangayo ndi ena onse a kabaza ya njinga zamoto asankhe akudziwa.

Ndinaigula nyengo yokolola, pamene anthu ali ndi ndalama za soya ndi mtedza ndipo maulendo ausiku achuluka. Aliyense woyendetsa kabaza akudziwa kuti ngozi yathu imachokera kumbuyo. Munthu wam'nyamula wakhala pamsana pako penipeni, manja ako onse ali pa handulo, maso ali pa msewu. Ndinalipira K170,000 kwa bambo wina wa ku Lilongwe amene amatsatsa katundu wake pa Facebook, ndipo vesitiyo inabwera pa minibasi.

Zabwino zake zing'onozing'ono ndi izi. Imabisika mkati mwa jekete, kasitomala sadziwa kuti wavala kanthu. M'mawa wa Juni ndi Julaye, mphepo ikamalasa pachifuwa popita ku Boma, imafunditsa kuposa juzi. Nsalu yakunja imachapika, mumangotulutsa mapanelo kaye. Tsiku lina nditaterereka pa miyala ya msewu wa ku Mkanda, chigongono ndi bondo zinasupuka koma nthiti zinatsala bwinobwino.

Mkati mwake muli mapanelo awiri, yakutsogolo ndi yakumsana. Si chitsulo ayi. Ndi nsalu zambiri zosanjikiza za ulusi wotchedwa aramid, umene ambiri amaudziwa ndi dzina la Kevlar, loyambitsidwa ndi kampani ya DuPont. Nsaluzo zinalukidwa mothithikana kenako n'kumatidwa ndi zinthu zonga pulasitiki kuti ulusi usamapatuke. Nsonga ya mpeni ikafika, imayenera kudula ulusi wa nsalu yoyamba, kenako yachiwiri, yachitatu, ndipo nsalu iliyonse imaulanda mphamvu n'kumaugwira m'mbali, mpaka mpeniwo umaima usanafike pathupi. Pa chikwangwani cha panelo yanga panalembedwa kuti KR1, muyezo wa 2007 wa boma la Britain woyesera mavesiti a apolisi. Poyesa amagwetsera mpeni pa panelo ndi makina, ndi mphamvu ya majoule 24, ndipo nsonga siiyenera kutulukira mkati kupitirira mamilimita 7. Apa mumve bwino anzanga: ngakhale vesiti yabwino imalola kansonga kukukandani, cholinga chake n'chakuti mpeni usafike pa mapapo kapena pa mtima.

Palinso china chimene wogulitsa sanandiuze. Chinthu chosongoka chopanda mbali yakuthwa, monga sipoko ya njinga yonoledwa kapena sikuludiraiva, sichidula ulusi koma chimaukankhira pambali n'kudutsa pakati. N'chifukwa chake chili ndi muyezo wakewake, umene amalemba kuti SP1. Yanga ilibe chilembo chimenecho. Za chipolopolo musayerekeze n'komwe, vesiti ya mpeni si ya mfuti. Khosi, mikono, m'khwapa ndi ntchafu zonse zimakhala pamtunda.

Kodi inagwirapo ntchito? Inde, kamodzi, ndipo n'chifukwa chake sindingainyoze yonse. Usiku wina ndinanyamula mnyamata wooneka waulemu amene anati akupita kwa azakhali ake mbali ya Kapiri. Titafika pa dambo lina pomwe palibe nyumba anati ndiime. Nditazengereza, ndinamva kugunda kolimba pansi pa phewa lakumanja, mpweya n'kubanika. Njinga inapepeluka, iye n'kugwera kumbali, ine ndinangokoka moto osacheuka mpaka pamene ndinaona magetsi a magolosale. Nditavula jekete, inali yobooka, nsalu ya vesiti yobooka, ndipo pa panelo panali bala lotalika ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ulusi wachikasu utatuluka. Kumbali ya thupi kunalibe bowo. Pamsana panga panatupa n'kuda, ndipo ndinavutika kugona chagada kwa kanthawi, koma magazi sanatuluke. M'mawa mwake ndinakanena ku polisi. Mayi a kunyumba anaigwira vesiti ija n'kulira, ndipo masiku amenewo aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti gulani lero lomwe.

Vuto limene landisowetsa mtendere kuyambira pachiyambi ndi thukuta ndi zomatira za m'mbali. Vesitiyi siipitsa mpweya ngakhale pang'ono. Dzuwa la Okutobala likafika, pofika 10 koloko malaya amkati amakhala ali chonyowa, thukuta likutsikira mu lamba. Pamimba ndi pamsana panatuluka tiziphuphu toyabwa, ndipo fungo lake ndinkachita nalo manyazi kasitomala akandiyandikira. Masana ndinayamba kuivula n'kumaivala dzuwa likapendeka, zomwe sizinandivute kwenikweni poti zoopsa zambiri n'zausiku. Koma zomatira zija, zolira khwee pomatula, sizinapirire fumbi la misewu yathu. Zinadzaza fumbi ndi ulusi wa jekete, n'kuyamba kumatuka zokha njinga ikagunda bampu. Ikamatuka mbali imodzi, panelo yakumsana imatsetserekera pambali n'kusiya nthiti pamtunda, malo omwewo amene munthu wakhala kumbuyo angafikepo mosavuta. Ndipo sudziwa kuti yamatuka mpaka utatsika.

Ndinayesa kuzitsuka ndi mswachi, zikagwira sabata imodzi n'kubwereranso. Ndinapita kwa atelala a pamsika, amene anandisokera zomatira zatsopano pa K4,000, koma za pamsika n'zofewa, sizinachedwe kutha. Pomaliza atelalawo anati, "Achimwene, tiyeni tingoika malamba a chikwama cha sukulu okhala ndi zokowekera." Zimenezo ndiye zagwira mpaka lero, ngakhale kuti povala pamafunika kudekha. Ndinawachenjeza kuti singano isakhudze panelo, asoke pa nsalu yakunja pokha.

Thukuta lomwelo ndi limene linaulula nkhani imene yandikwiyitsa kwambiri. Panelo iliyonse imakhala mu kathumba kake kosalowa madzi, chifukwa ulusi wa aramid umafooka ukamanyowa kawirikawiri kapena ukamaombedwa ndi dzuwa. Pa kathumbako pali chikwangwani cha fakitale, ndipo pakona pake wogulitsa anamatapo kapepala kokhala ndi nambala yake ya foni. Ndinkaona ngati n'kutsatsa malonda chabe. Chinyezi chitakafewetsa, kapepalako kanamatuka, ndipo pansi pake panali chaka chimene panelo inapangidwa: 2017. Makampani ambiri opanga mavesitiwa amapereka chitsimikizo cha zaka 5 zokha. Ndiye kuti pamene bamboyo ankandiuza pa foni kuti katundu ndi watsopano, wangotsika kumene, n'kuti nthawi ya chitsimikizo itadutsa kale. Kapepala kaja sikanamatidwe pamenepo mwangozi.

Ndinamutumizira zithunzi pa WhatsApp, cha chaka chija ndi cha bala la mpeni. Poyamba anayankha mwaulemu, akuti tithokoze Mulungu kuti ndili moyo, ndipo anapempha kuti aike chithunzi cha balalo pa tsamba lake la malonda. Ndinakana. Nditafunsa za chaka, anati zimenezo n'zolemba za azungu chabe, chinthu chikakhala m'katoni sichikalamba. Mwina panelo yosungidwa pouma, pamthunzi, yosapindidwa, imakhalitsadi, ndipo yangayi inagwiradi mpeni. Koma amene anabisa chakacho ndi iyeyo, ndipo mtengo umene anandilipiritsa unali wa chinthu chatsopano. Akanandiuza zoona ndikanatha kuigulabe, koma pa mtengo wina.

Tsopano panelo yakumsana iyenera kusinthidwa. Panelo imene yabayidwa siidalirikanso pamalo pamenepo, ulusi unaduka, ndipo kathumba kake kabooka moti thukuta likulowa. Ndamatapo tepi yakuda ya amagetsi kuti chinyezi chichepe, koma ndikudziwa kuti tepi siibwezeretsa ulusi. Bamboyo anayamba wanena kuti panelo payokha sagulitsa, ndigule vesiti yonse. Nditalimbikira kwa milungu ingapo, uthenga wa sabata yatha ukuti panelo imodzi ndi K140,000, chifukwa dola yakwera ndipo katundu akuvuta kulowa. Ndinamufunsa kuti, "Bwana, nanga imeneyo ndi ya chaka chanji? Nditumizireni chithunzi cha chikwangwani chake chonse." Uthengawo anauwerenga, mpaka pano sanayankhe.

K140,000 kwa munthu wa kabaza si yochepa. Pamenepo pali matayala, tcheni ndi mafuta a masiku ambiri, osawerengera ya mwini njinga kwa amene akuyendetsa ya eni. Pali masiku amene ndimayang'ana vesitiyi itapachikidwa pa khoma n'kumaona kuti ndinaberedwa. Pali masiku enanso, makamaka ndikadutsa pa dambo lija, amene ndimaona kuti ngakhale akanati K300,000 inali yoyenera. Pakadali pano ndasinthanitsa, panelo yabwino ndaiika kumsana ndipo yobayidwa ili kutsogolo. Sizikwanirana bwinobwino poti kadulidwe kake n'kosiyana, yakutsogolo ndi yolowa pakhosi ndi m'khwapa, koma kumsana n'kumene ndikuopa kwambiri. Maulendo opita kumadambo usiku ndi munthu wosamudziwa ndinasiya, vesiti ikhalepo kapena ayi.

Kwa iwe mnzanga wa pa Kamwendo, yankho langa ndi ili. Ngati umagwira usiku, gula, koma osatumiza ndalama usanaone chikwangwani cha pa panelo yeniyeniyo, osati cha pa nsalu yakunja. Uone chaka, uone KR1, ndipo ngati thumba likulola funa yokhala ndi SP1 yomwe. Chilichonse chomatidwa pa chikwangwanicho achimatule iwe ukuona. Uyese kuivala utakhala pa njinga, chifukwa yaitali kwambiri imakukankha pakhosi ukakhala pansi. Ufunsenso mtengo wa panelo payokha ndipo akulembere pa WhatsApp kuti ukhale ndi umboni. Kwa bambo amene anandigulitsa ine usapiteko. Ineyo ndikudikira ndione ngati mlamu wanga amene amapita ku Johannesburg kukaoda katundu angandipezere panelo ya chaka chooneka, ndipo ndamuuza kuti ndikhoza kufika K100,000, kupitirira apo ayi.